Kabokosi ka Pakati

Ba Mukuka anapita ku msonkhano wa aphunzitsi ku Kabwe masiku atatu okha, koma anabwerako ngati munthu amene wakhala kunja kwa dziko zaka zisanu. Anabwera ndi chikwama cholembedwa mawu, kachingwe kapakhosi kokhala ndi dzina lawo, ndi njira yatsopano yochongera. Loweruka limenelo, m'kaholo ka tchalitchi ku Kalingalinga momwe akuluakulu khumi ndi anayi ankaphunzira kulemba Chingelezi, anajambula timabokosi titatu pabolodi, kenako anabwerera m'mbuyo kuti atione bwino.

"Manje vinthu vachinja," anatero. "Ukalemba, uyamba wazichonga weka, waika mamaki mu kabokosi koyamba. Ukasiliza, munzako atenga pepala ku nyumba, achonga, aika pakati. Ine nibwela pa lasiti. Koma kabokosi kanga simuzakaona mpaka papite masabata sikisi. Ni risechi."

Palibe amene anafunsa kuti risechi n'chiyani. Ba Mukuka anaoneka okhumudwa pang'ono, chifukwa yankho anali atalikonza kale.

Dingani ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera lomwe silinatsegulidwepo chimangireni holoyo. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, mlonda wa pageti, ndipo mkazi wake anali atamwalira zaka zinayi zapitazo. Ankagona m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mlongo wake wamkulu, Salome, ku Mtendere. Mwana wake Tiwo, yemwe anali ku koleji ku Kitwe, ankamutumizira mauthenga aatali a Chingelezi. Dingani ankawawerenga bwinobwino, pakuti zaka khumi zowerenga nyuzipepala zakale pageti zinamupatsa diso lakuthwa. Koma poyankha ankangolemba "ok". Kuwerenga ankatha. Chimene ankaopa ndi kuona mawu ake atagona papepala anthu n'kumawayang'ana.

"Ba Dingani," ba Mukuka anawerenga pandandanda, "imwe muzachongana na ba Nsama."

Nsama anatembenuka n'kumuyeza ndi maso, monga ankayezera belo la salaula, zovala za kaunjika, asanalidule. Anali mayi wa ana awiri, wogulitsa zovala pamsika wa Mtendere, Mbemba wa ku Mufulira, ndipo akaseka ngakhale a kwaya m'chipinda china ankasiya kaye kuyimba.

"Muchonge bwino, mukwai," anatero. "Ine sinisewela."

*

Nkhani yoyamba ya Nsama inali ya tsiku limene madzi analowa m'nyumba mwawo, kale ali ku Kanyama, matiresi a amayi ake n'kutuluka pakhomo akuyandama, nkhuku itakwera pamwamba ngati yalipira. Dingani anaiwerenga Lamlungu masana atakhala pabedi. Anaseka mokweza mpaka anadzidzimuka yekha, pakuti makoma aja anali asanamvepo phokoso lotero.

Kenako anawerenganso monga wochonga. Zolakwa zinalipo makumi awiri ndi zitatu. Anaziona zonse, china chilichonse pamalo pake. Anagwira pensulo nthawi yaitali. Anaganiza za nkhope ya Nsama itaona pepala lodzaza ndi mizere, ndiponso kuti Loweruka linalo mwina akapempha kuchongana ndi munthu wina. Ndiye anakonza tiwiri tokha, n'kulemba 19 pa 20 m'kabokosi ka pakati.

Pepala lake iye linabwera litalembedwa m'mbali monsemo. Nkhani yake inali ya tsiku limene anapsereza mpunga, mkazi wake ali moyo. "Apa mwathawa," Nsama anali atalemba. "Bakazi banu banakamba chani? Lembani." Pansi anaika 14. M'kabokosi koyamba, Dingani anali atadzipatsa 5.

Tsiku limenelo awiriwa sanakwere basi. Anayenda wapansi kuchokera ku Kalingalinga, ndipo palibe anatchula chifukwa.

"Faivi, ba Dingani? Mwazipasa faivi?"

"Ndiye yanga."

"Nanga fotini yanga muiona monga chani?"

"Chifundo."

"Ine chifundo nilibe. Mufunse makasitomala banga." Anadumpha ngalande, n'kumudikira kutsidya. "Koma imwe naintini, shuwa? Nenze kuganiza ati nili mbuzi pa Chizungu."

"Nkhuku ija," anatero Dingani. "Sinizaiwala."

Zinali zoona, koma silinali yankho la funsolo.

Asanafike pamsika, Nsama anamuuza chimene anabwerera kukalasi. Panali kosi yosamalira okalamba ndi odwala m'nyumba, ndipo mayeso olowera anali ndi kalata ndi nkhani ya Chingelezi. Anali atalembetsa kale. Kunatsala mwezi ndi theka.

"Fumbi ya mabelo yanisiliza chifuba," anatero. "Nikafeluka, nizakalambila mwamene muja."

Masabata anapita motero. Dingani ankadzipatsa 5, tsiku lina 6 chifukwa kunali kutacha bwino. Nsama ankamupatsa 14 kapena 15. Iye ankamupatsa 19, ndipo kamodzi 18 kuti aoneke wokhwima. M'kabokosi koyamba ka Nsama manambala anayamba kukwera okha: 9, 11, 13, 16. Buku la malamulo a Chingelezi limene Nsama anabwereka kwa mnzake analibweza sabata lachinayi, poti ankati likungodya malo.

Dingani ankasunga mapepala ake ochongedwa pansi pa pilo. Pobwera kuntchito ankawerenga za m'mbali zokhazo. Zinali ngati m'nyumba muli munthu woti akufunse kuti unali kuti.

*

Salome anawapeza mapepalawo tsiku limene analowa kudzachapa zofunda asanatumidwe. Iye anabadwira ku Lusaka, ndipo ku Dedza, kwawo kwa agogo awo, anapitako kamodzi kumaliro n'kudwalako m'mimba. Komabe nkhani ikakhala yaikulu ankasiya Chinyanja cha m'tauni n'kulankhula Chichewa chakumudzi, cholemera ngati chitenje chatsopano.

"Achimwene, khalani pansi. Nsama ameneyu ndani?"

"Wa kukalasi, achemwali."

"Wa kukalasi amafunsa zimene ankanena malemu akazi anu?"

"Ndi kuchonga kumeneko."

"Ndamufufuza," anatero Salome, akupinda nsalu ya pilo mwaukali. "Mbemba. Ana awiri. Amaseka ngati injini ya chigayo. Agogo athu sanayende wapansi kuchoka ku Dedza kuti inu mudzathere pa tebulo la salaula. Ku Chazanga kuli Ndaona, wa mpingo wathu, makolo ake a ku Ntcheu. Mkazi wofatsa. Mukhoza kukhala naye tsiku lonse osadziwa kuti alipo."

Dingani anafuna kunena kuti nyumba yotero ali nayo kale. Koma denga limene ankagonamo linali la Salome, ndipo ndi Salome amene analera Tiwo chaka chija iye ankangokhala pakhomo kuyang'ana khoma.

"Ndamva," anatero.

Salome anatenga mawuwo monga ankatengera mawu onse a mlongo wake, ngati chilolezo.

*

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ba Mukuka anavala tayi. Anajambula mizere pabolodi ndi rula, n'kulemba mayina onse ndi manambala atatu pa dzina lililonse. Anayenda nawo mmodzimmodzi, akufotokoza kuti ophunzira ena amadzikweza, ena amadzitsitsa, anzawo amakondera, ndipo mphunzitsi yekha ndiye sikelo. Pa mawu akuti sikelo anadzigwira pachifuwa.

"Ba Dingani. Bazipasa faivi. Munzawo abapasa fifitini. Ine, fotini." Anayang'ana Nsama. "Apa munzawo anachonga monga ticha. Mwachita bwino, madamu."

Dingani anayang'ana manambalawo. Ndiye kuti sichinali chifundo. Asanamalize kuliganiza limenelo, choko chinatsika mzere umodzi.

"Ba Nsama. Bazipasa sikisitini. Munzawo, naintini." Ba Mukuka anaima, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. "Ine, eiti."

Munthu wina kumbuyo analiza kamluzu.

"Ku Kabwe banatiuza ati kusiyana kwa mamaki atatu ni vamene vichitika. Koma ileveni?" Anatambasula manja. "Apa siinali pensulo yamene inachonga. Ni chinthu chinangu."

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Amayi ena okalamba, amene masabata onse sanayankhepo funso, anati mokweza, "Ni mutima uyo!" Zimene Dingani anabisa ngakhale kwa pilo wake zinali pabolodi, zolembedwa ndi choko, ndi mzere wa rula pansi.

Nsama sanaseke. Ankayang'ana 8 uja.

"Musade nkhawa, madamu," ba Mukuka anatsitsa mawu, koma osati kwambiri moti ena asamve. "Pa Chitatu nimakhala fili, nilibe vochita. Ningabwele ku nyumba, tikonze pang'ono pang'ono."

*

Dingani anamupeza Nsama panja, pafupi ndi ngalande ija. Ulendo uno Nsama sanadumphe.

"Nifunseko chimozi, ba Dingani. Volakwa munali kuviona?"

Akanatha kunama. Munthu wodzipatsa 5 ndani angamukayikire akati sanaone?

"Nenze kuviona."

"Pa ija ya nkhuku, vinali vingati?"

"Twente-fili."

"Munapenda." Nsama anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Munapenda, mwasiliza, mwalemba naintini. Ine buku nabweza. Bamayo nabauza ati napasa kale. Mayeso yasala masabata yabili."

"Sinenze kufuna kuti mukhumudwe."

"Nikhumudwe kuli imwe pa Sondo, olo nikhumudwe ku mayeso? Chabwino ni chiti?" Mawu ake sanakwere, ndipo zimenezo zinamuopsa Dingani kuposa kukuwa. "Ine nikamipasani fifitini nenze kukamba vazoona. Imwe ati chifundo. Manje naziba chifukwa. Mwenze kuganiza ati na ine ninama monga imwe."

Basi inaima, kondakitala akumenya chitseko. Nsama anakwera, ngakhale kuti kwawo kunali koyendeka wapansi. Dingani anatsala ndi pepala la Nsama la sabata limenelo m'manja, pakuti anali atasinthana kale bolodi lisanayambe kulankhula.

*

Lamlungu Dingani analembera Nsama uthenga wakuti "Pepani." Unawerengedwa. Lolemba analemba wakuti "Mwauka bwanji?" Unawerengedwanso. Foni ija inkamuuza mokhulupirika kuti Nsama waona, ngati kuti imeneyo ndi nkhani yabwino.

Chipinda chinabwerera mwakale. Mpando umodzi, kapu imodzi, wailesi yolankhula yokha. Tiwo anatumiza uthenga wautali wofunsa ngati adadi akudya bwino, ndipo iye anayankha "ok". Kutsogolo Salome ankayimba nyimbo za kwaya mokondwa kwambiri, chinthu chimene Dingani akanachiganizira akanakhala ndi mutu.

Lachiwiri anagula bolopeni yofiira pakantemba. Anakhala pabedi ndi pepala la Nsama, kalata yopempha malo pa kosi ija, n'kuyamba pamzere woyamba. Cholakwa chilichonse anachizinga, pambali n'kulemba chokonza chake ndi chifukwa chake. Zinakwana makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Pomwe Nsama analemba za mmene anasamalira bambo ake miyezi isanu ndi inayi mpaka tsiku lomaliza, analemba kuti, "Apa musachinje kalikonse." Pepalalo linafiira ngati lagwa m'butchala. M'kabokosi ka pakati analemba 10, ndipo dzanja linamuwawa ngati wanyamula njerwa.

Kenako anatenga pepala loyera. Mutu wa sabata limenelo unali kulemba kalata yopempha chinthu. Ena ankapempha ntchito, ena malo pamsika. Tsopano Dingani analemba ina, yopita kwa Nsama, m'Chingelezi chake chomwecho, chosavala tayi. Analemba kuti ali ndi mpando umodzi koma akhoza kugula wina. Analemba zimene mkazi wake ananena tsiku la mpunga lija, kuti mwamuna woopa kutsegula poto ndiye amapsereza. Analemba chimene ankapempha, mosazungulira. Atawerenga kawiri, anayang'ana kabokosi koyamba nthawi yaitali, n'kulembamo 14.

*

Lachitatu masana, pakhomo la Nsama panali nsapato zakuda zopolishidwa, zoikidwa mofanana bwino ngati zikudikira kujambulidwa. M'kati munkamveka mawu a ba Mukuka akufotokoza za ku Kabwe.

Nsama anatuluka, n'kukoka chitseko kumbuyo kwake.

"Mwabwela kuchita chani?"

"Nabweletsa pepala yanu."

Analandira mosafuna. Ataona kufiira kwake, nsidze zinakwera. Anawerenga ataimirira, chala chikutsata mzere ndi mzere, milomo ikuyenda. Panapita nthawi yoti munthu akhoza kuphika tiyi.

"Teni," anatero.

"Teni."

"Osati ileveni?"

"Awe. Teni."

Pakona pa mlomo wake panagwedezeka kanthu, koma anakabweza. Anasuzumira kuchitseko, n'kutsitsa mawu. "Aba bakhala awa yatunthu. Bapeza volakwa naini, vinangu ni nkhani ya hotela ya ku Kabwe. Imwe twente-sikisi, na vifukwa." Anayang'ananso pepalalo. "Bapeza ving'ono, banipasa eiti. Imwe mwapeza vambili, mwanipasa teni. Iyi sikelo yawo nizaifunsa bwino."

"Tingakonze vonse mayeso yakalibe kufika," anatero Dingani. "Masiku yonse, ngati mufuna."

Ndiye anatulutsa pepala lachiwiri. Nsama anayamba ndi pansi, monga amachitira aliyense, ndipo ataona 14 anamuyang'ana kumaso. Kenako anawerenga kuchokera pamwamba. Pofika pakati anakhala pa kampando ka pakhonde. Pofika kumapeto anapinda pepalalo kawiri, mosamala, n'kuligwira pachifuwa ngati lingauluke.

"Ba Dingani, ba sisi banu banabwela pa tebulo yanga pa Mande."

"Benze kufuna chani?" anafunsa Dingani.

"Sibanagule kanthu. Banagwila-gwila madilesi, basiliza bakuti, 'Mayi, mlongo wanga Loweruka akukaonekera ku Chazanga, tuu koloko. Amalume a mtsikana akudikira.' Na Chichewa chija cha mu Baibo."

"Ine sinizibako."

"Mwina simuziba. Koma munabakanila?"

Dingani anakumbukira "ndamva" uja.

"Ehe," anatero Nsama. "Imwe vuto yanu ni imozi. Mufuna aliyense asakhumudwe." Anaimirira. "Kalasi ni fotini awazi pa Chibelu. Ku Chazanga ni fotini awazi, siku imozi na nthawi imozi. Iyi kalata nizachonga, na volakwa nizapenda. Koma namba nizalemba mu kalasi, imwe muli pa mupando wanu. Ngati mupando ulibe munthu, nizapeleka kuli ba Mukuka na kabokosi kopanda kanthu. Babelenge beka, baike mamaki yawo."

Chitseko chinatseguka. Ba Mukuka anasuzumira, ali ndi masokosi okha, kapu ya tiyi m'manja.

"Aa, ba naintini!" anatero mokondwa. "Mwabwela kuphunzila kupenda?"

"Babwela na homuweki," anayankha Nsama, n'kulowa. Kalata ija sanaisiye pakhonde.

*

Dingani anayenda pang'onopang'ono kubwerera kwawo, dzuwa likadali pamwamba. Anakonza mawu oti akauze Salome. Anawakonza m'Chinyanja, anawakonzanso m'Chichewa cha ku Dedza, ndipo m'zinenero zonse ziwiri ankamveka ngati munthu wofuna kusamuka.

Anapeza chitseko cha chipinda chake chili chotsegula. Pa msomali panapachikidwa shati yoyera yositidwa, ndi jekete la malemu bambo awo, limene linkatuluka m'sutikesi pa maukwati ndi pamaliro pokha. Pampando wake umodzi uja panakhala bambo wachikulire wa chipewa, chikwama chaulendo chili pamapazi. Anali amalume awo a ku Chipata, amene Dingani anali asanawaone chiikireni maliro a mkazi wake.

"Ndi ameneyu mkwati?" anatero amalumewo, akutambasula dzanja. "Maola asanu ndi anayi pabasi, mphwanga, ndi msana wangawu. Koma ndati mwana wa mlongo wanga sangakaonekere yekha ngati alibe abale."

Salome anaima pakhomo, manja m'chiuno, nkhope yowala.

"Achimwene, yesani jeketelo tione."

Dingani anayang'ana jekete, anayang'ana amalume, anayang'ana mlongo wake amene anamulerera mwana. Analowetsa dzanja m'thumba n'kupeza bolopeni yofiira ija.

"Achemwali," anatero, "Loweruka ndili ndi kalasi."

Salome anaseka, amalume nawo anaseka, poti ankayesa nthabwala. Dingani yekha ndiye sanaseke, ndipo pang'onopang'ono kuseka kwa Salome kunayamba kuzima.